Oyilo wa Alamu

Njinga yamoto ya matayala anayi ya make mapasa inali itadwala kwa masiku angapo, koma m'mawa umenewo inakaniratu mtunda, zigubu za mkaka zili zodzaza kumbuyo. Make mapasa anaponda giya yachiwiri, giya inakana. Anapondanso ndi mphamvu, inalowa ndi phokoso la munthu amene waluma mwala m'mpunga. Injini inakuwa mpaka ng'ombe kukhola zinadzutsa mitu, koma matayala ankangokwawa ngati akuperekeza maliro. Itafika pakati pa mtunda, pamene pali mwala waukulu, njingayo inangoima n'kumalira yokha.

Anatsika, n'kutsekera matayala ndi miyala, n'kuyamba kututa zigubu pamutu, chimodzichimodzi, kukwera mtunda n'kutsikira kumsewu. Pofika pathanki pamene alimi amasonkhanitsa mkaka, lole yotenga mkaka inali itapita kale, dzuwa nalo litagwira kale ntchito yake m'zigubumo.

Woyeza mkaka anatsegula chigubu, ananunkhiza, n'kutsekanso.

"Mayi, uwu ndi wa nkhumba."

"Nkhumba ndilibe."

"Ndiye gulani, chifukwa sabata ino nyimbo yanu ndi yomweyi. Lole siidikira munthu. Mukapitiriza chonchi, malo anu pathanki pano tipatsa ena."

Ananyamula zigubu zake n'kubwerera. Munthu amene wadzuka kusanache, wakama ng'ombe, wasambitsa mwamuna, wathamangitsa ana awiri kusukulu, mawu okanganira amakhala atamuthera kale.

Nyumba yawo inali kuseri kwa mtundawo, m'chigwa momwe msipu suutha ngakhale m'chilimwe. Galimoto sinkafikako. Mkaka unkatuluka m'chigwamo ndi njinga ija basi. Bambo a mapasa anaigula itafa kale, n'kuiukitsa okha m'shedi, bawuti ndi bawuti. Ankaipukuta madzulo aliwonse, kuimvetsera, mwina n'kuilankhula komwe. Make mapasa ankaitcha mkazi mnzanga. "Pitani akakuphikireni mkazi mnzangayo," ankatero bambowo akachedwa kudzadya.

Kenako sitiroko inawagwira. Dzanja lamanja linafa, mwendo unayamba kukoka, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati madzi a pampopi woti ukuphwa. Nzeru zinalimo zonse, zinkaoneka m'maso, koma pakamwa panali pothina. Ankakhala pampando pakhomo pa shedi, ndodo ili pamiyendo, n'kumaonerera mkazi wawo akukwera njinga yawo.

Mng'ono wawo, alamu a make mapasa, anali dalaivala wa bwana wina m'tauni. Munthu wamtima wabwino, wamimba yaikulu, wa mawu osasowa chokuzira. Sankabwera chimanjamanja. Ulendo wapitawo anabwera ndi galoni yagolide ya oyilo, ataikumbatira ngati khanda.

"Uyu ndi oyilo amene imamwa galimoto ya abwana," anatero. "Woterera kuposa sopo. Kanjinga kanuka kakangomulawa, kauluka."

Anapinda malaya oyera m'manja, anakhuthula okha oyilo wakale, n'kuthira wawo. Bambo a mapasa anamenya ndodo pansi.

"Ayi," anatero. "Ayi. Ayi."

"Achimwene ndi ansanje," alamu anaseka. "Safuna mwamuna wina akhudze mkazi wawo wamng'ono."

Make mapasa anali ndi ndowa m'manja ndi mphika pamoto. "Inu, munthu wakubweretserani mphatso, muzithokoza," anatero akudutsa. Bambo anatsitsa ndodo. Chidwalireni ankati ayi pa zinthu zambiri: ayi phala, ayi mankhwala, ayi juzi. Ayi mmodzi wowonjezera, ndani akanamulabadira?

Tsiku la mkaka wa nkhumba lija, atabweza njinga kunyumba ili yopanda katundu, make mapasa anaimbira alamu. Anaika foni pafupi ndi injini kuti adzimvere okha.

"Giyabokosi yatha imeneyo, alamu," anatero mawu a m'foni. "Ndakalamba ndi chiwongolero m'manja, ndimakudziwa kulira kwa chinthu chakufa. Tamverani. Mwavutika mokwanira. Gulitsani chitsulocho, gulitsani ng'ombe, mubwere kuno. Kuseri kwanga kuli zipinda zongokhala, chipatala chili pafupi, sukulu ya ana ndi ya pakhomo. Loweruka ndikubwera ndi munthu wogula zitsulo."

Kunena zoona, mawuwo anamukomera. Madzi a pampopi, kugona mpaka kuche, mwamuna kukhala pafupi ndi dokotala. Khosi linali likumupwetekabe ndi zigubu zija. Madzulo, akuwamanga mabatani a juzi, anawauza bambo.

"Alamu akuti giyabokosi yatha. Akuti tisamukire kwawo."

"Ayi."

"Ayi chiyani? Mkaka muzikwera nawo mtunda ndinu? Ine khosi ndili nalo limodzi."

Bambo anayang'ana kukhola, anayang'ana mitengo imene anadzala okha m'mbali mwa mpanda, anayang'ana shedi. Milomo inalimbana nthawi yaitali.

"Kuno," anatero.

"Kuno n'kwabwino njinga ikamayenda. Ikapanda kukwera mtunda Loweruka, tikupita. Sindikukunamizani."

M'mawa mwake aneba a kutsidya anamumvera chisoni n'kumutengera mkaka pangolo, koma anamuuziratu kuti ng'ombe zawo zili ndi ntchito yawoyawo, chisonicho chithera Lachisanu. Atabwerako masana make mapasa anapeza mpando wa bambo uli wokha. Anayang'ana kuchimbudzi, kuseri kwa khola. Anawapeza m'shedi, atakhala pansi pambali pa njinga, buluku lili fumbi lokhalokha, chigongono chitasupuka. Anali atadzikoka okha kuchokera pampando paja. Pathumba lopanda kanthu anali atayala masipanala, kuyambira kakang'ono mpaka chachikulu, monga ankachitira kale. Bawuti ya pansi pa injini anali ataimasula ndi dzanja lamanzere, sipanala akuikankha ndi mwendo wabwinowo, ndipo oyilo wa alamu anali akuchuchira m'beseni.

"Beseni langa lochapira," ndi zimene make mapasa ananena. Zinazo zikanatuluka ndi misozi, ndipo nthawi ya misozi analibe.

Bambo anamukodola kuti akhale pansi. Anagunditsa chikhato chawo ndi chake, zonse zouma, n'kupotoza. Dzanja la mkaziyo linatembenuka limodzi ndi lawo. Kenako anaviika chikhatocho m'beseni, anagunditsanso, n'kupotoza. Chinangoterereka, dzanja la mkazi lili pomwepo. Analoza chivundikiro cha m'mbali mwa injini.

"Umo."

Ndi nsonga ya ndodo anakoka galoni yakale yopanda kanthu imene inali kukhoma. Inali ndi chithunzi cha njinga yamoto. Anaiika pambali pa yagolide ija, imene inali ndi chithunzi cha galimoto.

Pamenepo zinthu zinayamba kumubwerera make mapasa. Zaka zonsezi bamboyu ankalankhula za injini patebulo, iye akumvera ndi khutu limodzi, linalo lili kwa ana. Ankati m'galimoto oyilo wa injini ali ndi nyumba yake, kilatchi nayo ili kwake, kouma. Koma m'njinga iyi injini, magiya ndi kilatchi zimasamba m'beseni limodzi. Kilatchiyo ndi timbale tothinana, timene timagwirana kuti mphamvu ya injini ifike kumatayala. Oyilo wa galimoto zamakono amamuthira mankhwala oti aziterera kwambiri, ndiye akalowa pakati pa timbaleto, timangosisitana osagwirana. Injini ikuwa, matayala osamva kanthu, magiya nawo n'kuyamba makani.

"Ndiye ayi uja anali ameneyu," anatero.

Bambo anangokweza nsidze.

"Musandiyang'ane choncho. Mumati ayi ndi phala lomwe."

Bambo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, imene inkasekabe.

Lachisanu, atasiya mkaka pathanki, anapita kusitolo ya zitsulo atanyamula galoni yakale ija.

"Mayi, pali wabwino kuposa uyu," anatero wogulitsa. "Wa galimoto zodula."

"Wabwinoyo ndili naye kale kunyumba, m'beseni lochapira. Ndipatseni wa chithunzi ichi."

Anatenganso sefa ya oyilo, parafini ndi sandipepa wosalala, zonse zimene bambo anamulozera m'shedi dzulo lake.

Ntchito inayamba dzuwa lili pamutu. Manja anali a mkazi, mutu wa mwamuna. Anagwirizana chinenero chawo: bambo akamenya ndodo pachitini kamodzi, ndiye kuti pitirizani, akamenya kawiri, siyani. Asanamasule kalikonse, anamujambulitsa chivundikiro chija pakatoni n'kuboola timabowo, kuti bawuti iliyonse ikatuluka izikhala pabowo lake, chifukwa zina ndi zazitali, zina zazifupi, ndipo zikasokonezeka zimaswa chitsulo.

"Ngati nyumba yanga mukanamaisamala chonchi," anatero make mapasa, "bwenzi masokosi anu akupezeka."

Ndodo inalira kamodzi.

Timbale tinatuluka tili phuliphuli ngati galasi. Bambo anatenga kamodzi, anakayendetsa pachala, anakapenyetsetsa m'mbali, n'kugwedeza mutu mokhutira. Tinali tisanapse. Anatitsuka m'parafini. Kenako anayala sandipepa pagalasi lakale la zenera, chifukwa tebulo la m'shedi linali lokhota, ndipo make mapasa anayamba kupera kambale kalikonse mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka kunyezimira kutachoka. Akafulumira, ndodo inkalira kawiri. Akatsamira mbali imodzi, kawiri. Atamaliza anafuna kutibwezera nthawi yomweyo, koma bambo analoza mbale yakuya, n'kuloza oyilo watsopano. Timbaleto tinayenera kumwa kaye. Make mapasa anapita kukachapa zigubu, kukasesa khola, kukathyola masamba, chifukwa kukhala pansi n'kumaonerera chitsulo chikumwa oyilo ndi ntchito ya anthu opanda ana.

Madzulo anabwezera zonse, kambale kachitsulo, kokhakhala, kachitsulo, kokhakhala. Anavundikira, namanga mabawuti modumphadumpha, iyi kuno, inayo kutsidya, monga bambo ankalozera. Msana unali utauma. Anapukuta manja, anaimirira.

Ndodo inalira kawiri.

Pachikhato cha bambo panali kawashala, kachitsulo kabowo pakati, kopyapyala ngati chikhadabo. Anakapeza pathumba paja, pansi pa sipanala.

"Kanthu aka? Njinga yonseyi singafe chifukwa cha aka."

Bambo anangomutambasulira chikhatocho.

"Inu, dzuwa likulowa. Ana abwera, moto sindinakoleze, ng'ombe zikundidikira. Tikaika tsiku lina."

Anangokhala, kawashala kali pachikhato, osakwiya, osafulumira, ngati munthu amene wabweretsa mlendo pakhomo ndipo akudikira kuti atsegulidwe. Make mapasa anawayang'ana. Uyu ndi munthu amene anasasula denga lonse la khola chifukwa mtanda umodzi unapendama, anthu akumuseka, ndipo mphepo imene inadzaulutsa madenga a anzawo chaka chotsatira, lawo inangolidutsa. Matenda anamulanda dzanja, anamulanda mawu, koma khalidwe limeneli analephera kulipeza pamene linabisala.

Anakuwira mapasa kuti lero adziphikire okha, ndipo akapsereza adya zomwezo. Anagwadanso n'kuyamba kumasula.

Kawashala katalowa pamalo pake, panatsala chinthu chimodzi, kasikuluwu kosinthira kilatchi. Apa bambo sanalize ndodo. Anatambasula dzanja lamanzere, n'kulandira sikuludiraiva. Anatsinzina. Anapotoza pang'onopang'ono mpaka atamva kuti kagunda, n'kubweza pang'ono pokha, kenako anagwira chomwecho kuti mkazi wawo amange nati. Dzanja limenelo linkalephera kumanga batani la malaya, supuni linkaigwetsa kawirikawiri. Koma pakasikuluwu silinanjenjemere.

Anathira oyilo watsopano, analiza njinga. Make mapasa anazungulira nayo pabwalo. Magiya ankalowa mwakachetechete ngati mlendo waulemu. Koma pabwalo ndi pathyathyathya. Woweruza anali mtunda.

Loweruka m'mawa alamu anatsika mtundawo wapansi, akupuma mwamphamvu, galimoto ataisiya kumsewu. Kumbuyo kwawo kunali wogula zitsulo, munthu wowonda wa ovololo yakuda. Anafikira kumenya tayala ndi nsapato, n'kuyamba kuizungulira njingayo monga wabutchala amazungulirira ng'ombe yokalamba.

"Achimwene, musadandaule," anatero alamu, atagwira phewa la mkulu wawo. "Chilichonse chili ndi nthawi yake. Kwathu mukakhala ngati bwana."

Make mapasa anali atamanga kale zigubu zonse. Bambo anatukula ndodo, analoza mng'ono wawo, n'kuloza malo otsala kumbuyo kwa mpando.

"Kwera."

"Ine? Pamodzi ndi zigubu?"

"Akuti ikakwera ndi inu, alamu, ikwera ndi chilichonse," anatero make mapasa.

Alamu anaseka, anakwera, njinga inatitimira. Make mapasa sanaseke. Anadziwa kuti akaima pamwala paja, ng'ombe zipita, mitengo itsala, ndipo bamboyu akakhala pampando kuseri kwa nyumba ya mng'ono wake akuyang'ana khoma.

Giya yoyamba inalowa. Yachiwiri inalowa. Anadutsa khola, anawoloka kamtsinje, mtunda unayamba. Njinga inkakoka ndi mawu otsika, a m'chifuwa. Akuyandikira mwala uja liwiro linayamba kutha, injini inayamba kutsamwa, alamu anasiya nthabwala n'kugwira mapewa ake ndi manja onse. Make mapasa anadikira, osadziwa ngati akhudze giya kapena aisiye, poti pamalo pomwepa ndi pamene inamukanira. Kenako anabweza yoyamba. Inalowa. Matayala analuma dothi, timiyala tinathethekera kumbuyo, ndipo mwalawo unadutsa kumanzere kwawo n'kutsala m'munsi.

Pamwamba pa mtunda alamu anapumira m'mwamba. "Alamu, pobwerera ine ndiyenda wapansi."

"Mwakwera kale. Khalani."

Pathanki lole inali isanafike n'komwe. Woyeza mkaka ananunkhiza zigubu, anagwedeza mutu, kenako anasuzumira munthu wamkulu amene ankatsika kumbuyo.

"Lero mwabwera ndi ng'ombe yomwe, mayi?"

"Yezani mkakawo. Iyi si yokama."

Atabwerera m'chigwa anapeza wogula zitsulo atakhala pachipika, nkhope itagwa.

"Ndiye chinali chiyani?" anafunsa. "Ine anandiuza kuti giyabokosi."

"Eetu," anatero alamu. "Chinali chiyani, alamu?"

Make mapasa anali nalo yankho pakamwa, lokonzeka, lothira mchere. Galoni yagolide inali pomwepo pakhomo pa shedi. Anatsegula pakamwa.

Ndodo inalira pachitini kawiri.

Anatseka.

"Dothi," anatero bambo.

Wogula zitsulo anaimirira, anasasa ovololo, n'kunena kuti tsiku lina asamamuyendetse mtunda chifukwa cha dothi. Anamudikira mpaka atazimiririka kuseri kwa mwala. Ndiyeno bambo anakankha galoni yagolide ndi ndodo, oyilo wotsalayo akukhuvuka m'kati, mpaka inagunda nsapato ya mng'ono wawo.

"Galimoto," anatero. Anakhudza galoni inayo. "Njinga."

Alamu anayang'ana zithunzi ziwirizo. Anayang'ana beseni lakuda bii pakona. Anavula chipewa n'kukanda pamutu.

"Achimwene," anatero pomaliza, ndi mawu aang'ono, "ndiye tsiku lija munkandiuza."

"Wabwino," anatero bambo, akugogoda galoni yagolide. Anapuma, anasakasaka liwu linalo mpaka analipeza. "Galimoto."

"Ine ndimati ndikuthandiza."

"Mumathandiza, alamu," anatero make mapasa. "Ndani wina amatsika mtunda uwu atanyamula kanthu? Zipinda zija ikanimo ena, ife tikadali kuno. Koma ulendo wina mukafuna kubweretsa mphatso, beseni lochapira."

Alamu anadya, anaseka pang'ono, ananyamula galoni yawo n'kukwera mtunda wapansi monga analonjezera. Make mapasa anatsuka zigubu, anaziyanika pathandala, n'kubwera ndi juzi pakhomo pa shedi. Bambo anatukula chala.

"Pamwala," anatero. "Mwachedwa."

"Ndachedwa kubweza giya? Munamva muli pano?"

Anagwedeza mutu.

"Ndanyamula mkaka, ndanyamula mng'ono wanu, ndipo mukundiwerengera giya. Mawa mukakwere ndinu. Tukulani mkono."

"Ayi."

Anali atalowetsa kale dzanja limodzi la juziyo. Anaima.

"Ayi chiyani?"

Bambo analoza dzuwa. Milomo inalimbana, iye anadikira, ndowa ili pansi.

"Kutentha."

Anawavula juziyo, anaikoleka pachogwirira cha mkazi mnzake, n'kupita kukakoleza moto.